Miyendo ya Kutsogolo ya Galimoto ya Ababa

Ababa anagwira ntchito yokonza makina kwa zaka zoposa makumi atatu pafakitale ina ku Makata, ndipo pamene ankapuma, chinthu chooneka ndi maso chimene anatuluka nacho chinali galimoto. Inali yoyera, ya zitseko zinayi, yokalamba kale ngakhale pa tsiku limene ankaigula kwa mkulu wina wa kuntchito kwawoko. Chiigulireni palibe makaniko amene anaikhudza. Chikavuta, ankavala ovololo yawo ya buluu, n'kuyala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwake okha. Ife ana tinkangoona mapazi.

Kenako kunabwera sitiroko. Inawalanda dzanja lamanja lonse, mwendo wamanja n'kuusiya wokoka, ndipo mawu anayamba kutuluka mochedwa, limodzilimodzi. Amayi anali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake. Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, amakhala ku Soche ndi banja lawo, choncho ndine amene ndinanyamula makina anga osokera n'kubwerera kunyumba imene ndinakuliramo ku Chilomoni. Ndine telala. Ndinaika makinawo pakhonde, makasitomala anga n'kunditsatira komweko.

Kuyendetsa ndinkadziwa, anandiphunzitsa ndi Ababa omwewo ndili mtsikana. Ndiye kawiri pamwezi ndinkawakweza kumpando wakutsogolo n'kupita nawo kuchipatala kukachita mafizo olimbitsa ziwalo zofookazo. Msewu wotsika kuchokera kwathu ndi wa maenje, ndipo galimoto inayamba kulira gudugudu kutsogolo paliponse pamene tayala laponda mwala. Chiwongolero nacho chinali ndi mpata: ukachikhotetsa pang'ono matayala osamva, mpaka utaonjezera. Ine ndinangozolowera, ndinkaganiza kuti ndi ukalamba basi.

Tsiku lina tikubwerera kuchipatala, chapafupi ndi msika, tayala lakumanzere linagwera m'dzenje ndipo galimoto inadzikhotera yokha kumanja, kumene kunkabwera minibasi. Ndinaibweza mwachangu, tinaphonyana pang'onong'ono, kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kunditukwana. Titafika pabwalo la nyumba, Ababa anandigwira mkono.

"Zimitsa. Usatsike," anatero. "Gwedeza chiwongolero. Uku ndi uku."

Ndinagwedeza. Iwo anatsamira kutsogolo, khutu lili tcheru.

"Miyendo yatha. Iyi sitingatsike nayo kumudzi."

Kumudzi kwathu ndi kuchigwa cha Shire, kupitirira Chikwawa. Amayi tinakawaika kumeneko, ndipo abale anali atagwirizana kuti mu Okutobala kukhale Misa ndi kudalitsa chiliza chawo. Kunali kutatsala masabata asanu. Aliyense amene anatsikapo mapiri opita ku Chikwawa amadziwa kuti msewu umenewu ndi wokhotakhota, mbali ina phiri, mbali ina phompho. Si malo oti chiwongolero chizichita zofuna zake.

Lamlungu achimwene anabwera kudzationa titachoka kutchalitchi, ndipo nkhaniyi inatuluka tikumwa tiyi.

"Ababa, galimotoyi yagwira ntchito yake," anatero achimwene. "Mudzakwere yanga, kapena tichite hayala minibasi tonse tipitire limodzi."

"Ayi."

"Ndiye ndiitengere kugalaja. Pali munthu wina ndimamudziwa."

"Ayi." Ababa anaika kapu pansi ndi dzanja lamanzere, tiyi wina n'kutayikira. "Mayi ako ndinabwera nawo m'tauni muno pamwamba pa lole ya thonje. Ndinawauza kuti kumudzi tizipita pa galimoto yathu. Ndipita pa galimoto yanga."

"Nanga akonze ndani? Mukudziwa kuti ine ndi zitsulo sitimvana."

Ababa anandiloza ndi chibwano. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola, koma ine sindinaseke. Makina anga osokera ndimawamasula ndekha mpaka kachitsulo komaliza, ndipo sindinabwezerepo n'kutsala ndi sikuluwu m'manja. Ndinaona kuti galimoto ndi yaikulu chabe, koma nayo inamangidwa ndi munthu.

"Ndikonza," ndinatero. "Ababa azindiuza."

Tinayamba Lolemba m'mawa. Ndinawaikira mpando pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi galimoto, ndodo yawo ili m'manja kuti azilozera. Ovololo yawo inali yaikulu kwa ine, ndiye ndinaipinda miyendo ndi mikono pamakina, mphindi zochepa chabe. Bokosi la zida linali pansi pa bedi lawo, masipanala onse atakulungidwa m'nsanza ya mafuta, opanda ndi dzimbiri lomwe.

Ndinanyamula galimoto ndi jeki, ndipo ndisanagwade n'komwe ndodo inagogoda pansi.

"Zitsa kaye. Jeki ndi wonyamulira, si wogona pansi pake."

Ndinagubuduza zitsa ziwiri za bulugamu zimene zinkakhala kuseri kwa nyumba, n'kutsamiritsa galimoto pamenepo, kumatayala akumbuyo n'kuikako miyala. Kenako anandiuza kuti ndigwire tayala m'mbali ndi manja awiri, ndiligwedeze. Linalira kokokoko. Ndinagwiranso pamwamba ndi pansi, linaliranso. Anandiuza kuti ndigone pansi ndione chimene chikusuntha pamene iwo akukankha tayala ndi phazi lawo labwino. Ndi mmene ndinaphunzirira mayina. Bolojointi ndi mfundo yachitsulo yokhala ngati ya m'chiuno mwa munthu, imene imalumikiza tayala ku mkono wachitsulo wa pansi pa galimoto. Tayirodi ndi kandodo kamene kamatenga mawu a chiwongolero kukauza tayala. Mabushi ndi timphira tokhala pamene mkono wagwirira thupi la galimoto, ndipo athu anali atang'ambika ngati zidendene za m'chilimwe. Mashoko onse awiri, amene amaletsa galimoto kudumphadumpha m'maenje, anali atanyowa mafuta.

"Zonse," anatero Ababa. "Mbali zonse ziwiri. Ukasintha mbali imodzi, uyenda ngati ine."

Kumasula kunanditengera masiku atatu, chifukwa ndinkagwira m'mawa mokha, masana n'kusamba m'manja ndi sopo wochapira kuti ndisadetse nsalu za anthu. Manati ambiri anali atagwirana ndi dzimbiri. Ababa anandiuza kuti ndiwadonthezere mafuta a mabuleki n'kuwasiya agone, ndipo ouma mtima kwambiri ndinkalowetsa sipanala m'paipi yaitali n'kupondapo ndi thupi langa lonse. Pochotsa matayirodi anandilamula kuti ndiwerenge kuti azungulira kangati asanatuluke. Ndinalemba pakhoma ndi choko changa cholembera nsalu: kumanzere khumi ndi kasanu n'kawiri, kumanja khumi ndi kasanu n'kamodzi.

Chimene chinativuta chinali bolojointi yakumanzere. Nati inatuluka bwinobwino, koma mutu wake unakanirira m'bowo ngati anauwotcherera. Ababa anati ndimenye ndi hamala m'mbali mwa chitsulo chimene chaugwiracho, osati pamutu penipenipo. Ndinamenya.

"Menya! Sukupha udzudzu."

Ndinamenyanso, hamala inaterereka n'kuphwanya mazinga a bawuti. Kachitatu inatera pachala changa chachikulu. Ndinakhala pansi, chala chili m'kamwa, misozi ikudzitulukira yokha. Ababa ankafuna kunena kanthu koma mawu anawakanirira pakhosi, nkhope inachita kufiira, ndipo atatuluka anatuluka oipa.

"Zachabechabe. Bwerera kumasiketi ako."

Ndinaika hamala pansi, ndinavula ovololo pomwepo, n'kupita pakhonde. Ndinali ndi diresi ya chinkhoswe yofunika Lachisanu. Ndinamanga chala ndi kansalu n'kuyamba kuponda makina mwaukali, mzere wake n'kukhota, n'kuuphwasula, n'kuyambiranso. Patapita mwina theka la ola ndinamva chinthu chikugwa kubwalo, kenako zii.

Ndinawapeza Ababa ali chafufumimba pafupi ndi tayala, hamala ili m'dzanja lamanzere, tsaya lili m'fumbi. Anali atatsika pampando okha, n'kukwawa mpaka pagalimoto, ndipo pokweza hamala thupi linawapendamira kumbali yofooka. Ankayesa kudzuka koma mwendo unkangopalasa dothi. Ndinawagwira m'khwapa n'kuwakhazika motsamira chitseko cha galimoto. Sanavulale, chigongono chokha chinasupuka. Ndinawapukuta kumaso ndi chitenje changa, iwo akuyang'ana kumbali.

"Ndikuona pomenya," anatero. "Ndikupaona bwinobwino. Dzanjali ndi limene lasanduka mbuzi."

Ndinakhala nawo pansi pomwepo.

"Ababa, mukandikalipira manja anga amanjenjemera. Muzindiuza ngati mmene munkawauzira anthu anu kufakitale."

"Amenewo ndinkawatukwana."

Tinaseka tonse, iwo ndi mbali imodzi ya pakamwa. Kenako anandiuza kuti ndibweretse choko. Anachigwira ndi dzanja lamanzere n'kujambula kamtanda kokhotakhota pachitsulo, pamalo enieniwo. Anandiuza kuti nditenge hamala yachiwiri, yaikulu, ndiitsamiritse kuseri kwa chitsulocho kuti nkhonya isathawe, ndipo ndisayang'ane hamala koma kamtandako. Ndinapuma mpweya n'kumenya kamodzi ndi phewa lonse. Kunamveka pho, mkono wa pansi n'kugwa wokha. Bolojointi yakumanja inatuluka pa kumenya kwachiwiri.

Loweruka ndinakulunga zitsulo zakalezo m'zidutswa za nsalu, n'kuziika m'chikwama changa cha kumsika, n'kukwera minibasi ya ku Ndirande, kumene kuli mabenchi a masipeya. Ababa anali atandiphunzitsa usanafike ulendowo kuti bolojointi yabwino imalimba, mutu wake sugwedezeka ndi chala chimodzi. Ndinatenganso tepi yanga yoyezera.

Pabenchi loyamba limene ndinaima panali bambo wina wonenepa, wovala chipewa cha ubweya ngakhale kunkatentha. Nditatulutsa zitsulo zanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, wakutumani ndi makaniko uti? Bwanji osabwera yekha?"

"Makaniko wake ndine."

"Ehe, chabwino, amakaniko." Anapisa pansi pa benchi n'kutulutsa mabolojointi awiri akuda bii, onyezimira. "Awa ndi atsopano, angofika kumene."

Ndinatenga imodzi n'kukankha mutu wake ndi chala changa chotupa chija. Inagwera kumbali ngati khosi la nkhuku yozinga. Ndinainunkhiza.

"Bambo, iyi mwaipaka penti dzulo. Onani, ina yadonthera pamphira."

Ogulitsa a mabenchi oyandikana anafa nacho chiseko. Wina anakuwa kuti, "Akupeza lero, mdala!" Bamboyo sanakwiye, anangogwedeza mutu akumwetulira, n'kulowa m'kachipinda kuseri. Anabwera ndi ena ali m'mabokosi awo, okulungidwa m'pulasitiki. Ndinawayesa onse ndi chala, ndinayeza kutalika kwake ndi tepi poyerekeza ndi akale aja, ndinayeza mipata ya mabowo. Tayirodi imodzi inali yaifupi ndi kachidutswa kochepa, ndinaibweza, anandipezera ina kwa mnzake. Pamene ndinkanyamuka anandithandiza kusenza chikwama mpaka pamsewu, ndipo ulendo uno mawu oti amakaniko anawanena mosaseka.

Mashoko okha Ababa anandiletsa kuwamasula. Amakhala m'kati mwa sipuling'i yopanikizidwa, ndipo anati anaonapo munthu kuntchito ataphwanyika nsagwada ndi sipuling'i imene inathawa. Anati ndiwachotse athunthu pagalimoto, ndipite nawo kwa anthu amene ali ndi chopanira. Ndinawaimbira achimwene kuti andinyamule pa galimoto yawo. Atafika anaima pabwalo manja ali m'chiuno, akuyang'ana galimoto ya Ababa ili pazitsa, kutsogolo kopanda kanthu, zitsulo nditazindandalika pamphasa, nati iliyonse pafupi ndi bawuti yake.

"Mlongo, zonsezi wamasula wekha?"

"Nyamulani shoko ilo, ndi lolemera."

Ananyamula. Tinapita nawo kushedi ina ya ku Makata, kumene anatisinthira mashoko tikuona, ndipo pobwerera achimwene anandifunsa ngati kulira kumene kumamveka kumbuyo kwa galimoto yawo ndingakuzindikire. Ndinawauza kuti ayambe aima pamzere.

Sabata yachiwiri inali yobwezera, ndipo imeneyi ndinaikonda. Mabushi akale tinawawotcha pambaula kuseri kwa nyumba mpaka mphira inapsa n'kusiya zibowo zoyera, utsi wake anthu oyandikana nafe anadandaula nawo. Atsopanowo ndinkafuna kuwapaka girizi kuti alowe msanga, koma Ababa anati mafuta amadya mphira, ndigwiritse ntchito thovu la sopo. Tinawakoka ndi bawuti yaitali ndi mawashala akuluakulu, ine ndikumanga nati pang'onopang'ono, bushi ikulowa ikulira ngati mbewa. Matayirodi ndinawazunguza molingana ndi manambala a pakhoma aja. Nati iliyonse yofunika pini ndinaiika pini yatsopano, chifukwa mapini akale onse Ababa anawaponya m'dzala ndi dzanja lawo kuti ndisayesedwe n'komwe.

M'masiku amenewo sanandikalipirenso. Mawu akawakanirira ankangogogoda ndi ndodo pamalopo, ine n'kumaganiza ndekha, ndipo nthawi zambiri ndinkapeza chimene akufuna iwo asanamalize. Kamodzi ndinawatsutsa. Anati washala wina amakhala pamwamba, ine ndinati pansi, chifukwa ndinali nditajambula pafoni ndisanamasule. Ndinawaonetsa chithunzicho. Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali n'kunena kuti amene anamuika pansi poyambapo anali iwo omwe, ndiye zili bwino.

Mabawuti a mikono anati ndisawamange kwambiri galimoto ili m'mwamba. Tinaitsitsa kaye, ndinaikankha kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike pa kulemera kwake, kenako ndinadzipanikiza kunsi kwake n'kumanga komaliza. Pambuyo pake tinakoka ulusi wanga wolimba kuchokera kutayala lakumbuyo kufika lakutsogolo, mbali zonse ziwiri, ine ndikuyeza ndi tepi, iwo akuyang'ana ndi diso limodzi, mpaka matayala analoza kumodzi.

Ngakhale zinali choncho ndinaumirira kuti tipite nayo pa makina oyezera matayala m'tauni. Ababa anakana kawiri, kachitatu ndinangowauza kuti akwere. Potsika msewu wathu wa maenje uja galimoto inali chete moti ndinayamba kumva zinthu zina zimene kale sindinkazimva, monga kagalasi kakumbuyo kamene kankanjenjemera. Chiwongolero ndikangochikhudza, galimoto inkamva nthawi yomweyo. Munthu wa pamakinayo atayeza anati tayala lakumanja linaphonya pang'ono chabe, ndipo anafunsa galaja imene inagwira ntchitoyo. Ababa anamuyankha kuti makina akewo ndi amene akhota. Ndinawasiya akukangana, ine n'kumuuza munthuyo ndi maso kuti akonze.

Nthawi ya ulendo wa kumudzi itakwana, tinanyamuka Lachisanu m'mawa, dzuwa litangotuluka, ine ndi Ababa kutsogolo, kumbuyo kuli nkhata za maluwa ndi zovala za Misa zimene ndinasokera banja lonse. Achimwene ndi banja lawo ankatitsatira pa galimoto yawo. Titafika pamene msewu umayamba kutsetsereka, chigwa chonse chinaonekera pansi, chotuwa ndi nkhungu ya kutentha, Shire akung'anima patali.

"Giya yachiwiri," anatero Ababa. "Usadalire buleki."

Ndinali nditaika kale. Pakona yoyamba anati ndichepetse, pakona yachiwiri anati ndisayandikire m'mphepete. Pakona yachitatu tinakumana ndi lole yodzaza matumba ikukwera movutika, itadya mbali ina ya msewu wathu. Ndinaipatsa malo, tayala lakumanzere linaponda miyala ya m'mbali, ndipo galimoto inapita pamene ndinaiuza, osaonjeza kapena kuchepetsa. Makona otsatirawo ndinawadutsa ndekha, manja ali phee pachiwongolero, mpweya wotentha ukuyamba kulowa pawindo.

Titafika pansi ndinatembenuka kuti ndiwafunse ngati akufuna madzi, ndipo ndinapeza atagona, mutu utatsamira galasi, kukamwa kuli yasa. Munthu ameneyu moyo wake wonse sankatseka maso wina akuyendetsa, ngakhale m'basi ankakhala kutsogolo kuti aziona mapazi a dalaivala. Sindinawadzutse. Tinawoloka mlatho wa Shire ali m'tulo, tinadutsa milambe ndi ng'ombe zodutsa msewu mosafulumira, mpaka ndinafika pamphambano pamene sindinkakumbuka bwino njira yolowera kumudzi. Pamenepo m'pamene ndinawagwedeza phewa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza kumanzere ngati sanagone n'komwe.

Misa inachitika Loweruka pansi pa mitengo, kukutentha koti malaya ankamatirira kumsana. Pa nthawi yodalitsa chiliza anthu anawabweretsera Ababa mpando, koma anaukana. Anaima mwambo wonse, dzanja lamanzere lili paphewa panga, achimwene atawagwira mbali inayo, mpaka ansembe atamaliza kuwaza madzi ndipo kwaya itatseka nyimbo yomaliza.

Lamlungu pobwerera, azakhali, alongo awo a Ababa, anatipatsa thumba la mapira, nkhuku ziwiri zomanga miyendo, ndi mulu wa nsomba zouma wokulunga m'mapepala. Achimwene anati m'galimoto mwawo mulibe malo, ngakhale tonse tinkadziwa kuti akuthawa fungo. Ababa anaima ndi ndodo yawo n'kumalamula kuti thumba likhale pakati penipeni, osati mbali imodzi, ndipo nkhuku zikhale pansi kuseri kwa mpando wanga. Tinakwera mapiri aja pang'onopang'ono, nkhuku zikudandaula pakona iliyonse, ndipo tinafika ku Chilomoni dzuwa likadalipo. Fungo la nsombazo linakhala m'galimoto mpaka Khirisimasi.